Chaka Chimene Makeni Sanasowe

Bwezerani kaye foni yatsopanoyo m'bokosi mwake, ana inu. Iwe Takondwa, ndikunena iwe, usandiyang'ane ngati sunamve. Ndikudziwa chimene amayi anu akutumani. Akuti mundiikire pulogalamu yanzeru yondikumbutsa ntchito, ndipo ndikakana mukawauze kuti agogo afika poti sangakhalenso okha kuno ku Simlemba, abwere ku Boma azidzakhala m'kachipinda koyang'anizana ndi mpanda wa njerwa. Nkhani imeneyi si ya lero. Inayamba zaka zisanu zapitazo, agogo anu aakazi a Nankhoma akadali moyo, ndipo mapulogalamu oterewa ndinakhalapo nawo atatu nthawi imodzi. Atatu! Ine munthu wa ukwati wa m'tchalitchi, kukalowa mitala pa ukalamba. Khalani pansi. Yamikani, chotsa tizingwe ito m'makutu.

Kuiwala sindinayambire ukalamba ayi, asakunamizeni. Ndinabadwa nako. Ndili mwana, mayi anga akandituma mchere ku sitolo ndinkabwerako ndi nkhani. Masiku amenewo zokumbutsa zinalipo zake. Munthu unkamanga mfundo pa ngodya ya mpango, koma pofika madzulo unkapeza mfundo zitatu osadziwa kuti iliyonse ikunena chiyani. Ena ankalemba ndi khala pa chitseko. Ine ndinayesapo timiyala m'thumba la kabudula, kamwala kamodzi ntchito imodzi, mpaka thumbalo linabookera pa njira ya ku Chisemphere, ntchito zonse n'kutayikira m'fumbi. Ndinafikabe kumeneko pa njinga yobwereka. Anandilonjera, ndinadya, tinacheza, n'kubwerako. Mpaka lero sindidziwa chimene anandituma.

Nditakwatira, mavuto onsewa anatha. Agogo anu aja anali kalendala, analinso belu. Akamva nyenje zayamba kulira, akaona mitengo ya m'tchire yatulutsa masamba ofiira, ankadziwa kuti yafika nthawi yakuti. "Bambo a Tiyamike, mawa tifese." "Bambo a Tiyamike, udzu wa chigafa." Chigafa, iwe Yamikani, ndi chisakasa chija munadutsa pobwera, moyanikamo fodya, osati khola la ng'ombe monga unanenera chaka chatha. Ine yankho langa linali limodzi zaka makumi anayi ndi zinayi: "Ndikudziwa." Sindinkadziwa kanthu. Anthu m'mudzi muno ankati a Mbewe salakwitsa nyengo, ine n'kumagwedeza mutu modzichepetsa.

Inu a m'tauni fodya mumamuona atakwera kale lole m'mabelo. Amayambira pa nazale, kudambo uko, mwezi wa Seputembala. Njere zake ndi fumbi lenileni, ukangoyetsemula munda wonse wapita. Timazithira m'keni ya madzi, kumwaza pa mabedi, kuphimba ndi udzu, kenako kuthirira m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku. Mbande zikanenepa kufika ngati pensulo, alangizi amati uzileke madzi masabata awiri kuti zikhwime, zisakafe ndi dzuwa zikawokeredwa kumunda. Mawu amenewa ndinkawamva ndithu, koma sankandilowa. Mbande zanga zifote ndikuona, madzi ali m'chitsime, keni ili m'manja? Zimenezo ndi nkhanza! Ine ndinkathirira basi, alangizi alankhule atope.

Koma pakhomo pano panali tsoka lake. Chaka chilichonse, Novembala akangoyamba, makeni anga awiri ankasowa. Kusowa zii. Ndinkakalipa mudzi wonse mpaka agalu kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Ndikapita kukabwereka kwa anzanga, amayi a kumeneko ankanditulukira ndi nkhope zachisoni, ati pepani makeni athu ali ndi ntchito. Ndowa sungathiririre nazale, imakumba mabedi, komanso agogo anu ndowa zawo sankalola kuti zipite kudambo. Chaka china ndinagula keni yachitatu, inasowanso. Chaka china ndinawamanga ndi tcheni cha njinga, anasowa ndi tcheni chomwe. Ndinafika poganizira a Zgambo, mnzanga wa bawo wa kutsidya kwa dambo, ndipo tinatha chaka chathunthu tikupatsana moni wa pamphuno. Ndiye pakatha masabata awiri, mitambo itayamba kusonkhana, makeni ankapezeka pansi pa mango awa, otsukidwa bwinobwino. Mbala yaulemu! Agogo anu ankangoti, "Dziko laipa, bambo a Tiyamike," n'kumapitiriza kusenda mtedza wawo.

Tsopano chaka chimene ndikunenachi, maso a agogo anu anachita ng'ala onse awiri. Ankathira mchere m'tiyi, ankapatsa moni chitsa. Amayi anu Tiyamike, poti ndi anamwino, anakonza zoti akachitidwe opaleshoni, diso limodzi kaye kenako linalo, ndipo akhale ku Boma masabata asanu ndi atatu kutali ndi utsi ndi fumbi. Anabwera kudzawatenga titangofesa kumene.

"Ababa, inu mutsala bwanji nokha?" anatero amayi anu. "Mwezi watha munapita kutchalitchi Loweruka."

"Ndinkakaona ngati denga likudontha."

"Mutavala jekete? Mutanyamula buku la nyimbo?"

Mwana ukamuphunzitsa sukulu umadzisulira wekha mpeni.

"Mvetserani, ababa. Nazale iyi ikafa, nonse awiri mukusamukira kwathu. Za fodya zithe, za kumudzi zithe. Sindingamagone tulo ndikuganiza kuti mwaiwala kuzimitsa moto."

Agogo anu anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga, maso ali mbuu, n'kunena pang'onopang'ono kuti, "Bambo a Tiyamike, ine sindikufuna kukafera m'nyumba ya lendi. Mundisungire nazale." Ana inu, mawu amenewo anandilasa. Ndinayankha kuti ndikudziwa.

Pulogalamu yoyamba anaika ndi amayi anu, tsiku lomwelo, m'foni yong'aluka galasi imene mukuisekayi. Unkalembamo ntchito ndi nthawi yake, nthawi ikakwana inkalira. Kulira kwake, abale! Ukachedwa kuchonga, zilembo zinkasanduka zofiira, n'kulira kachiwiri mokweza. Inandikumbutsa kapitawo wa pa esiteti ina imene ndinagwirapo ganyu ndisanakwatire, munthu woti ukangowongola msana wakuwerengera kale. Ndiye ndinaitcha Kapitawo. Amayi anu analembamo kuti kuthirira nazale, sikisi m'mawa ndi folo madzulo, n'kufunsa kuti, "Ikufunsa kuti mpaka liti?" Ine ndi matama anga ndinati, "Fodya safunsidwa kuti mpaka liti. Lemba tsiku lililonse." Agogo anu anali atakwera kale galimoto, sanamve.

Loweruka lotsatira kunabwera bambo anu pa njinga yamoto, atanyamula kasola kotchajira. Mukuwadziwa bambo anu, uphunzitsi amapita nawo ndi kubafa komwe. Anakhala pa mpando patali pang'ono mwaulemu, chipewa pa bondo, anayang'ana Kapitawo, n'kupukusa mutu.

"Apongozi, iyi ya amayi a Takondwa ndi yabwino ndithu. Kungoti ilibe dongosolo."

Anandiikira yawo. Imeneyo inali bolodi logawidwa patatu: zodikira, zili m'kati, zatheka. Ntchito iliyonse inali kakhadi, ndipo unkakakoka ndi chala kuchoka uku kupita uko. Chokoma chake, ati, chinali chakuti iwo ali ku Boma aziona bolodi lomwelo m'foni mwawo. Ndikanakana bwanji? Mkamwini akakugulira chipewa, ngakhale chikhale chotsekereza maso, umavala n'kuthokoza. Ndinawomba m'manja. Atapita m'pamene ndinazindikira kuti Bolodi sagwira ntchito popanda netiweki, ndipo netiweki pamudzi pano imapezeka pamalo amodzi okha, pamwamba pa chulu chija kuseri kwa khola la mbuzi.

Yachitatu ndinaifuna ndekha, pamenepo sindinamizira munthu. Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, a Zgambo anandikokera pambali. Paja iwo Chichewa chawo chimatsamira kumpoto.

"Monile, a Mbewe. Ndamva mwalowa za mafoni. Kasi yanuyo ili ndi mtengo?"

"Mtengo wanji?"

Anatulutsa foni. M'katimo munali kamtengo kobiriwira, kokhala ndi maluwa ndi tizipatso titatu. Ati ukamaliza ntchito n'kuchonga, kamtengoko kamalandira dontho la madzi n'kukula, ndipo foni imakuimbira kanyimbo kokuyamika. Ukadumphitsa tsiku, masamba amayoyoka. "Wanga wabereka chomene," anatero a Zgambo, akundiyang'ana chapansipansi. Munthu ameneyu ndinkamudya bawo chiyambire unyamata wathu. Andipose ndi mtengo? Tsiku lomwelo mwana wawo wamkazi, wogwira ntchito ya zaumoyo, anandidzalira wanga. Unali kanjere chabe, koma ndinaukonda pomwepo.

Musaganize kuti sindinayese kusankha. Ndinayesa. Ndinakhala pansi pa mango pano, foni pa mpando, ine pa mphasa, n'kuzenga mlandu bwinobwino. Kapitawo ndinkadana naye, koma anali wa mwana wanga, yemwenso anali woweruza nkhani ya nazale. Kumuchotsa kukanakhala kudziwotchera ndekha nyumba. Bolodi ankanditopetsa, koma anali wa akamwini, ndipo iwo akanaona tsiku lomwelo kuti makhadi aleka kuyenda. Kamtengo analibe ntchito yeniyeni, izo ndinkaziona ndithu, koma ndiye anali wapamtima. Mlandu unatha dzuwa litapendeka, ndipo chigamulo chinali chakuti onse atatu akhale, ndiziwasamala mofanana.

Ha! Moyo umene ndinakhala masabata amenewo, ngakhale bulu wa pa ngolo akanandimvera chisoni. Sikisi m'mawa Kapitawo walira. Thamangira kudambo, thirira, chonga. Bwerera, kwera chulu, imika foni m'mwamba, koka khadi. Pofika pansi bambo anu aona, alemba kuti "Mwachita bwino apongozi," n'kubwezeranso khadi lomwelo ku zodikira kuti likhale la mawa. Koma ine ndikaona khadi lili pa zodikira mtima sunkakhazikika, mkamwini angati apongozi ndi aulesi. Thamangiranso kudambo, thiriranso, kweranso chulu. Nanga Kamtengo? Iye dontho lake ankalifuna pa ntchito iliyonse, ndipo ndinatulukira kuti ukagawa kuthirira bedi ndi bedi, mabedi anayi amakupatsa madontho anayi. Pena nazale inkamwa kasanu pa tsiku, pena kasanu ndi kawiri. Achule anasamuka m'chitsime n'kudzamanga pa mabedi.

Ntchito zenizeni zitandichepera, ndinayamba kupeka. Kudzuka. Kutsokomola. Kuyang'ana kumwamba. Kulonjera nkhuku. Ndinalembamo ngakhale ntchito yakuti kuchonga ntchito, n'kumaichonga. Ukuseka chiyani, Takondwa? Si iwe umajambula chakudya usanadye? Zimene sizinalembedwe ndiye sizinkachitika. Mbuzi zinkatsegulidwa dzuwa lili pamutu chifukwa palibe anazilemba. Kudya kumene ndinkakumbukira ndikaona mdima m'maso, mpaka lamba ndinaboola mabowo awiri atsopano. Tsiku lina m'tchalitchi, a Zgambo ali pakati pa pemphero lawo lalitali lija loyambira kwa Adamu, Kapitawo anakuwa m'thumba mwanga. Pofuna kumutseka pakamwa ndinadina molakwika, Kamtengo n'kuyamba kanyimbo kake. Amayi a chigwirizano anayankha kuti ameni, poganiza kuti pemphero latha.

Ndipo chulu chija chinandigwetsa. Ndinali pamwamba, mwendo umodzi m'malere, ndikusaka netiweki kuti ndikoke khadi la kukonza chitseko cha khola, pamene tonde wathu, yemwe anatulukira pa chitseko chosakonzedwacho, anandipeza kumbuyo. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ine ndinagwa chagada chenicheni, m'zitosi, foni ili m'mwamba kuti isasweke. Ndili chigonere choncho netiweki inagwira, khadi n'kuwoloka.

Kenako Novembala anafika, ndipo ine ndinali nditakonzeka. M'mapulogalamu onse atatu ndinalembamo kuti kuona makeni, ola lililonse. Nditatopa ndi kupita kukawaona, ndinangowamangirira m'chiuno ndi chingwe, ina uku ina uku. Ndinkayenda nawo paliponse, kubawo, kuchigayo, ngakhale kutchalitchi, kumene ndinkawaika pansi pa benchi n'kuwapondera. Anthu ankandimva ndikadali kutali, kwengwere kwengwere, ana n'kumanditsatira. Masiku amenewo a NyaGondwe, akazi a a Zgambo, anayamba kubwerabwera pakhomo pano. "A Mbewe, bweretsani makeniwo ndikakutsukireni." "A Mbewe, tamasulani mupumeko, ndikusungirani." Ine ayi, zikomo, amayi. Ndinkangoti ndi chifundo cha pa munthu wotsala yekha.

Sabata yoyamba inatha, makeni alipo. Yachiwiri, alipo. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezi! Mbande nazo zinakula zosaoneka n'kale, zofika m'mawondo, masamba aakulu obiriwira ngati a mpiru wa kudimba. Ndinazijambula n'kutumiza ku Boma kuchokera pa chulu. Amayi anu anasangalala, poti iwo amadziwa za odwala, za fodya ayi. Madzulo ake anandiimbira ndili pa chulu pomwepo, n'kupereka foni kwa agogo anu, diso lachiwiri likadali lomata.

"Bambo a Tiyamike, makeni alipo?"

"Onse awiri! Chaka chino mbala yagwa nayo. Ndawamanga m'chiuno."

Kunali zii. Ndinayesa netiweki yathawa.

"Mukuthirirabe?"

"Kasanu ndi kawiri pa tsiku, mayi. Nazale yake mukadzaiona mudzavina."

"Ndikubwera mawa."

Anabweradi, kutatsala sabata yathunthu kuti masiku awo akwane, amayi anu akuletsa osamveka. Anatsika pa kabaza pamsewu apo atavala magalasi akuda, ine n'kuthamangira kukawalandira, kwengwere kwengwere. Anavula magalasi aja n'kundiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu, kutsikira ku makeni, mpaka kumapazi. Zaka zambiri anali asanandione bwinobwino.

"Kodi inu munakalamba liti?"

Sanalowe n'komwe m'nyumba. Tinalunjika kudambo, iwo patsogolo. Atafika anaima, manja m'chiuno. Anawerama, kuzula mbande imodzi, n'kuyesa kuikulunga pa chala. Mbande yokhwima, ana inu, imapindika ngati luzi osathyoka. Yanga inangoti thyo, madzi n'kutuluka. Anapatula masamba pa bedi lachitatu ndi lachinayi, ndipo pansi pake mapesi anali akuda, owola, akununkha.

"Uyu si fodya. Izi ndi ndiwo."

"Koma foni inati..."

"Masulani makeniwo."

Ndinamasula. Anawanyamula okha, wodwala maso uja, n'kuyenda nawo mpaka kukhitchini ine ndikutsatira. Anakwera pa mtondo, n'kuwalowetsa pa tsindwi, kuseri kwa mitolo ya chimanga cha mbewu. Anawalowetsa mosafufuza malo, ngati munthu woika chinthu pamalo pake. Pomwepo ndinaona tcheni cha njinga chikulendewera, chakuda ndi mwaye.

Ana inu, ndinakhala pansi pa dothi.

"Nankhoma. Ndinu?"

"Ndine."

"Zaka zonsezi?"

"Makumi anayi ndi zitatu. Chaka choyamba ndinakuuzani ndi pakamwa kuti lekani kuthirira. Munati chiyani?"

Ndinakumbukira. Ine woiwala chilichonse, chimenecho ndinakumbukira. Ndinati ndikudziwa, n'kukathirira.

"Nanga amayi onse aja ondimana makeni?"

"Ndinkawauza. Chaka chino ndinasiyira a NyaGondwe kuti adzabe m'malo mwanga. Ndikanadziwa bwanji kuti mudzawavala?"

Ndinapsa mtima, ndisakubisireni. Ndinakalipa kuti mudzi wonse wandisandutsa chidole, kuti ndinadana ndi a Zgambo chaka chathunthu popanda chifukwa, kuti pakhomo pano mwamuna ndani. Iwo ankangokolezera moto, ngakhale anawaletsa utsi. Nditatha mawu anandipatsa madzi akumwa. Kenako manyazi anandigwira, aakulu kuposa mkwiyo uja, chifukwa ndinaona kuti ulemu wonse wa a Mbewe osalakwitsa nyengo unkagona pa tsindwi la khitchini, kumene ine sindinayang'anepo n'kamodzi komwe. Ndipo chaka chimodzi chokha chimene anandisiyira, ndinamiza nazale yawo, ndi nyumba yawo yomwe.

M'mawa mwake anatenga sizasi n'kumeta masamba a mbande za pa mabedi awiri otsalawo, kuti dzuwa lifike pa mapesi. Madzi analetsa. Masiku amenewo ndinavutika kwambiri. Mbande zinkafota masana, Kapitawo akukuwa m'thumba, zilembo zili psuu, Kamtengo akuyoyoka masamba, ine nditakhala pa khonde manja ndawakhalira. Mwayi wake mvula inachedwa chaka chimenecho. Pofika tsiku lowokera, za pa mabedi awiri aja zinkapindika pa chala.

Amayi anu anabwera kudzagamula. Anayendera nazale ngati akuyendera wodi, n'kunena kuti, "Theka lafa. Tinapangana. Yambani kulongedza."

Koma agogo anu anati, "Unati ikafa. Iyi yangokomoka. Iwe namwino wathunthu sudziwa kusiyanitsa wakufa ndi wokomoka?"

"Amayi, ababa sangathe okha. Mwaona nokha."

"Ndaona, maso ndiwe unandikonzera. Bweretsa foniyo kuno."

Mlandu umene ine ndinauzenga tsiku lathunthu, iwo anautha madzi a tiyi asanawire. Anafunsa za Kapitawo kuti, "Ameneyu amadziwa kunena kuti leka?" Amayi anu anati amadziwa ukamuuza tsiku. "Tsiku lake amadziwa ndi mbande. Chotsa." Za Kamtengo ndinachonderera, ndinati wangotsala pang'ono kuchita maluwa. Anandifunsa kuti zipatso zake tidzadya liti. Anachotsedwa ndikuona, ndipo ndinamva chisoni chenicheni, musaseke. Pa Bolodi ndiye anaima kaye, poti za akamwini sizichotsedwa chamwano. Anagwira tambala wathu wamkulu, kumumanga miyendo, n'kupatsira amayi anu ndi mawu akuti apongozi athokoza kwambiri, bolodi lagwira ntchito yake, tsopano likapume. Tambala ameneyo munadya ndinu. Yamikani, iwe unalirira mwendo wachiwiri.

Atatha anafunsa kuti, "Kodi chinthuchi chingasunge mawu a munthu?" Amayi anu anati chingathe, ndi kakalendala wamba kamene kanabwera ndi foni, kopanda mtengo, kopanda bolodi, kosafuna chulu. Tsiku likafika, m'malo mwa belu pazimveka mawu amene wajambula. Ndiye anakhala pa mphasa apa masiku awiri, mayi ndi mwana wake, kujambula chaka chonse chathunthu, kuyambira kutentha mapesi pa mabedi mpaka kudinda mabelo, kuphatikizapo mbuzi, mankhwala anga a magazi, ndi tsiku lenileni la tchalitchi. Ine ndinati zonsezi n'zachiyani poti mwabwera. Anati, "Ine si chitsime, bambo a Tiyamike. Ndidzaphwa." Ndinaseka. Amayi anu sanaseke, ndipo za kulongedza sanazitchulenso.

Anakhala nane zaka zina zitatu. Munalipo pa maliro, mukudziwa. Anatsirizikira m'nyumba yawo iyi, pa mphasa yawo, chitseko chili chotsegula kuti aziona kudambo. Ku nyumba ya lendi sanapite.

Ndiye foni yong'alukayi mukuti yatha ntchito, m'mawa uliwonse imati, "Bambo a Tiyamike, mbuzi." Loweruka imati, "Lero si Lamulungu, vulani jekete." Ndimayankha kuti ndikudziwa, ndipo masiku ano pena ndimakhala ndikudziwadi. Ukuti mawu amasamutsika, Takondwa? Chabwino, samutsa, usunge kwinanso, foni ingadzagwe m'chitsime. Koma yanzeruyo, imene ukuti imaganiza yokha n'kukukonzera tsiku, ibwerere ku Boma. Akapitawo ndinathana nawo.

Chimodzi chokha n'chimene foni singathe. Novembala akayamba, pamabwera mawu akuti, "Tengani pensulo mukayeze. Ngati zafika, makeni asowe." Chaka chatha ndinamvera. A NyaGondwe miyendo inawatha, sawolokanso dambo, ndiye ndinakwera ndekha pa mtondo n'kuwabisa pa tsindwi. Koma munthu sungadzibere wekha. Tsiku lachitatu, nditaona mbande zaweramitsa mitu, ndinakawatsitsa. Ndinathirira mabedi onse, kenako ndinakhala pa mphepete pa chitsime n'kulira ngati mwana, chifukwa panalibe wondiletsa. Fodya wa chaka chatha munamva mmene anachitira, n'chifukwa chake amayi anu ayambiranso nyimbo ya ku Boma.

Pensulo ndi iyi, m'thumba la malaya. Mawu aja abwera lero m'mawa, inu musanafike. Ndapita, ndayeza. Zafika.

Ndiye mukawauze amayi anu kuti wokumbutsa ndili naye kale, ndipo sindimusintha. Chimene chikusowa pakhomo pano ndi mbala. Makeni ali paseri pa chitseko apo. Ine ndikupita kwa a Zgambo kukawadya bawo, ndikachedwako dala. Pa tsindwi ayi, ndikudziwapo. Mudzabwerenso pakatha masabata awiri, muwatsuke, muwaike pansi pa mango. Ndipo ndikabwerako n'kuyamba kukalipa kuti mudzi uno wadzaza akuba, musaseke, musandiuze. Mmodzi wa inu angoti, "Dziko laipa, bambo a Tiyamike."